Zitsulo Zisanu za a Boaventura

Anthu ena kuno ku Zóbuè mpaka lero amati a Boaventura Laurindo mutu wawo sunkayenda bwino. Amene amanena zimenezo abwere pamsewu pomwe ndimagulitsa mbatatesi adzandiuze pamaso, ndiwayankhe bwinobwino. Ine Perpétua ndinakhala nawo khomo loyang'anana kuyambira kukampu ya othawa nkhondo ku Mwanza mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda. Makani anali nawo, eya, makani oti nthawi zina unkafuna kuwagenda ndi chikuni. Koma misala ayi.

Anabadwira ku Kambulatsitsi, nakulira ku Moatize m'shedi ya amisiri a pamgodi wa malasha. Ntchito yawo inali kukhoma mayina pa timalata timene anthu olowa pansi ankasiya pakhomo la mgodi, kuti zikavuta adziwike amene sanatuluke. Anali ndi bokosi la zidindo, tizitsulo totalika ngati chala, kalikonse kali ndi chilembo chake kunsonga. Umaimika kachitsulo palata, kumenya ndi nyundo kamodzi, chilembo chatsala pomwepo mpaka kalekale.

Nkhondo itakula anasamukira kuno ndi akazi awo a Cármen ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Esperança, poganiza kuti kufupi ndi malire kuli bwinoko. Sikunali bwino. Tsiku lina mmawa anyamata a mfuti a kutchire anatsika m'phiri, natentha nyumba, natenga atsikana amene anawapeza kuchitsime. Esperança anali m'gulu la otengedwawo, kamtsikana kongoyamba kumene kusinkhuka. Pothawira ku Malawi bokosi la zidindo linagwa n'kutsegukira m'udzu, ndipo a Boaventura anangotola zimene dzanja linagwira. Atafika tsidya anapeza kuti atsala ndi zitsulo zisanu: A, C, E, R ndi T.

Kukampu tonse tinalandira zofanana, bulangete lake lomwelo, ndowa yake yomweyo, mapoto ake omwewo. Tsono inu mukudziwa mwambo wathu: pakagwa maliro, nyumba iliyonse imatumiza mapoto kuti olira aphikiridwe. Mwambo ukatha, nkhondo ina inkayambira pamulu wa mapoto. Uyu akuti wanga ndi uyu, winanso akuti ayi, wanga anali ndi kobooka apa. Azimayi aulemu wawo ankakokana nsalu chifukwa cha chivundikiro.

Nthawi imeneyo a Boaventura ankapita kusukulu ya masana kumene aphunzitsi a ku Malawi ankaphunzitsa akuluakulu Chingerezi. Tsiku lina anaona mawu oti CRATE atalembedwa pabokosi la mafuta ophikira. Anayang'ana bokosi, nayang'ana zitsulo zawo, n'kupeza kuti ndi zilembo zawo zomwe zija, zonse zisanu, palibe chosowa, palibe chotsala. Anapita kunyumba n'kukhoma mawuwo pamlomo wa poto aliyense wa a Cármen. Kenaka anayamba kuvutitsa aphunzitsi aja kuti awapezere mawu ena a zilembo zomwezo. Anapeza TRACE, nawakhoma pamapoto a mnansi wathu mana Domingas, mana kutanthauza mchemwali. Anapeza REACT, nawapereka kwa mnansi wina, mana Dalila. Ife anatipatsa CATER. Sitinkatha kuwerenga Chingerezi, koma mayina tinawagwira ndi khutu. Pamulu wa mapoto unkangomva kuti Kireti uyo, Tiresi uyo, Riyakiti ali pansi, Keta ndipatseni kuno, ndipo mkangano unathera pomwepo.

Anali ndi malamulo awo, ndipo sankawapinda. Mawu akhale a zitsulo zonse zisanu, chilichonse chimenyedwe kamodzi. Akhale mawu enieni a Chingerezi, osati kungosanja zilembo mwachisawawa, chifukwa, mwa kunena kwawo, poto wopanda dzina loitanika ndi poto wa aliyense. Ndipo mawu amodzi, nyumba imodzi. Anthu ambiri ankabwera kudzapempha, ena atanyamula nkhuku, koma ankabwerera ndi nkhuku zawo. A Boaventura ankati mawu atha, ndipo bodza sakhoma pachitsulo.

Amuna anga a Julião anamwalira komweko kukampu chaka cha kolera. Anthu anaopa kubwera, ndipo sindiwada. Koma a Cármen, Domingas ndi Dalila anabwera ndi mapoto awo, nasonkha moto pakhomo panga. Titabwera kumanda tinakhala pansi mabanja anayife, ndipo a Boaventura anati tipangane chinthu chimodzi: kumene poto wa zitsulo izi ali pamaliro, mapoto ena onse a zitsulo izi atsatire komweko, kaya kuli matenda, kaya kuli chidani, kaya kuli mvula. Tinavomera tonse, tinagwirana manja. Ine ndinavomera ndikulira, chifukwa ndinali nditaona kumene tanthauzo la mawu akuti maliro n'kulirana.

Mtendere utabwera tinakwera lole imodzi kubwerera kuno, tinamanga nyumba zathu mumzere umodzi m'munsi mwa phiri. A Boaventura anayamba kukhoma zidebe ndi mbaula pansi pa mtengo wa mango, akusulira pachidutswa cha njanji chimene anachitenga ku Moatize. Koma mtima wawo unali pa mawu achisanu. Ankati zitsulo zisanu sizingabereke ana anayi okha. Masana ankanyamula zitsulozo m'kansalu n'kupita kumalire kumene madalaivala a malole amadikira mapepala awo. Ankazisanja pachitseko cha lole n'kufunsa aliyense wodziwa Chingerezi, wa ku Zimbabwe, wa ku Joni, wa ku Blantyre. Ena ankawaseka, ena ankawapatsa mawu opeka kuti achoke. Iwo sankalandira mawu popanda mboni yachiwiri yosadziwana ndi yoyambayo.

Sekeletaliyo, mkulu woyang'anira bayiro, ndiye kuti dera lathu, anawafunsapo tsiku lina kuti bwanji akulimbana ndi Chingerezi pamene kuno ndi ku Mozambique, ndipo Chipwitikizi nachonso chingapereke mawu m'zilembo zomwezo. Iwo anayankha osasiya kukhoma chidebe kuti mapotowa anabadwira kukampu, ndipo munthu susintha mtundu wa ana pakati panjira. Sekeletaliyo anangopukusa mutu n'kumapita.

Patapita zaka, dalaivala wina wachikulire anazitembenuza zitsulo zija kangapo n'kusanja CARET. A Boaventura anakwera nazo phiri kwa bambo mfumu wina wodziwa Chingerezi, ndipo nawonso anavomera kuti mawuwo alipo. Tanthauzo lake anandiuza, kachizindikiro kena ka anthu olemba, ine sindinasamale nazo. Chimene ndikukumbuka n'chakuti anatsika phirilo ngati mnyamata, nalengeza pakhomo, a Cármen akumva, kuti mawu awa ndi a Esperança. Akadzabwera n'kukhala ndi nyumba yake, mapoto ake adzakhala Kareti. A Cármen tsiku limenelo anaseka, ndipo ine ndinali ndisanawamvepo akuseka chichokereni kukampu.

Nthawi yomweyo kumapeto kwa mzere wathu, kuseri kwa nthochi, kunali kutamanga banja lina. Mwamuna anali Ulisses, amene anamenya nkhondo ku mbali ya a kutchire n'kutula mfuti mtendere utabwera. Boma linati tikhululukirane, kutchalitchi anatinso chimodzimodzi, ndipo pakamwa tinkamupatsa moni. Ngati analipo tsiku limene anatentha nyumba kuno, palibe amene ankadziwa, koma Domingas, amene amayi ake anapsera m'nyumba, ankalumbira kuti kayendedwe kake akukadziwa. Mkazi wake anali Dionísia, mtsikana wowonda wosakweza maso. Nayenso anachita kutengedwa ali mwana, kumtsinje kwawo cha ku Angónia, n'kupatsidwa kwa Ulisses kutchire komweko. Anabereka naye ana awiri, ndipo kwawo kunalibenso amene ankamudziwa.

Dionísia ankayesetsa. Pakagwa maliro m'bayiro ankabwera ndi poto wake mmodzi yekhayo, wakuda, wopindika m'mbali. Azimayi ankamulandira ndi manja awiri, n'kuika potoyo pambali. Madzulo ankamubwezera ali wouma, wosakhudza moto. Palibe amene anamunyoza ndi mawu, koma iye ankamva, ndipo tonse tinkadziwa chimene chikunenedwa: tsiku lako likadzafika, usadzayembekeze utsi.

Tsikulo linafika. Ulisses ankapakira malasha m'malole ku Moatize, ndipo chifuwa chinamudya pang'onopang'ono mpaka anamwalira, anzake n'kubwera naye atamukulunga m'bulangete. Mmawa mwake amuna angapo anapita kukakumba manda chifukwa sekeletaliyo analamula. Koma kuseri kwa nthochi kunali zii. Panalibe nyimbo, panalibe utsi, panalibe mzimayi ndi mmodzi yemwe wosenza poto kulowera kumeneko. Aliyense anapeza chochita pakhomo pake, wina kusesa posesa kale, wina kusankha nyemba.

A Boaventura anavala jekete n'kupita kukaona. Sanachedweko. Anabwerera atanyamula poto wakuda uja, nakhala pansi pa mango, naika mlomo wa potoyo pachidutswa cha njanji, n'kumasula kansalu ka zitsulo. Ine ndinali pakhomo panga, ndipo ndinaona zonse.

A Cármen anatuluka m'nyumba manja ali ndi ufa.

"Bambo a Esperança, mukufuna kukhoma chiyani pamenepo?"

"Mawu otsala aja."

"Mawu aja ali ndi mwini wake."

"Ndikudziwa. Ndine ndinamupatsa."

"Ndiye mwamuika m'manda mwana wanga? Lero, chifukwa cha munthu amene mwina ndi yemweyo anamugwira dzanja kuchitsime?"

A Boaventura anaika nyundo pansi. Sanakweze mawu, chifukwa sanali munthu wokweza mawu, makani awo anali a phee.

"Amake Esperança, ndapita uko. Mtembo uli pamphasa, mkazi wakhala yekha ndi tiana tiwiri, ndipo wayala mafuwa atatu osadziwa kuti aikepo chiyani. Mtsikana ameneyo anamutenga kumtsinje monga anatengera wathu kuchitsime. Ngati Esperança ali moyo, ali kwinakwake kuseri kwa nthochi za anthu ena, ndi mwamuna amene sanamusankhe, ndipo poto wake akumubwezera wouma. Ine sindingafike kumeneko. Kuno ndingafike."

"Mumupatse mawu ena."

"Palibe ena. Ndafunsa malole onse a msewu uno."

"Khomani zilizonse. Ndani pano amawerenga Chingerezi?"

"Ndikakhoma zilizonse, Domingas anena kuti si poto wa pangano, ndipo adzakhala akunena zoona."

A Cármen anapukuta ufa m'manja. Kenaka anati, mawu ali pansipansi, "Mukamenya chitsulo chimenecho, mudziwe kuti mwandimenya ine." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

A Boaventura anaimika chitsulo choyamba pamlomo wa potoyo. Anamenya. Kho. Anasintha chitsulo, namenyanso, mpaka zonse zisanu. Mzere wonse unamva, ndipo masache onse anaima.

Anaimirira, natenga mapoto a Kireti amene anali pathandala, nawasanja limodzi ndi poto wa Dionísia, n'kusenza pamutu. Mwamuna wa imvi, mmisiri wa pamgodi, kusenza mapoto ngati mkamwana! Anayambira pakhomo panga.

"Mana Perpétua, Kareti ali pamaliro."

Ndinapsa mtima, ndinene zoona, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimapsabe pang'ono. Ndinawauza kuti ichi n'chinyengo, kuti pangano tinapangana mabanja anayi, osati kuti wina azilowetsa anthu pakhomo lakumbuyo ndi nyundo yake. Iwo anati pangano linati poto wa zitsulo izi, silinatchule kuti angati, ndipo ine ndinalipo pamene linkanenedwa. Ndinalipodi, ndipo linanenedwa pakhomo panga, amuna anga atangoikidwa kumene. Ndinalowa m'nyumba ndikutukwana chamumtima, ndinatenga mapoto a Keta ndi lichero la ufa, n'kuwatsata.

Dalila sanavute. Anangofunsa ngati ine ndikupita, ataona mapoto pamutu panga anakatenga ake. Koma Domingas anatidikira pakhomo pake manja ali m'chiuno, mapoto a Tiresi ataunjika pansi.

"A Boaventura, fufutani zilembo zanu pamapoto angawa. Sindingakhale m'khola limodzi ndi anthu amene anawotcha amayi anga."

"Ine ndimakhoma, sindifufuta. Tupa ili pansi pa mango, kafufuteni nokha. Koma mukafufuta, mwatuluka, ndipo tsiku lanu likadzafika Kireti sadzabwera."

"Mukundiopseza?"

"Ndikukukumbutsani. Amayi anu ndinawakumbira manda ndine, phulusa likadali lotentha. Sindikuti mumukonde wakufayo. Inenso sindimukonda. Ndikuti kuli ana awiri amene sanadye."

Domingas analavula malovu pansi n'kutitembenukira msana. Ife tinapitirira. Anthu a m'bayiro anali atatuluka m'makomo kudzaonerera, ena akuseka mkulu wosenza mapoto, ndipo mnyamata wina anafuula kuti a Boaventura akwatiwa. Iwo sanacheuke n'komwe, anangoyenda pakati pa njira khosi lili njo.

Tinapeza Dionísia atakhala pansi ndi ana ake. A Boaventura anatula mapoto, natenga wakuda uja n'kumuonetsa pamlomo pake pamene zilembo zinkawala. Anamuuza kuti dzina la poto wake ndi Kareti, aliloweze, chifukwa kuyambira lero pamulu wa mapoto azidzaitana yekha. Mtsikanayo anagwira potoyo ndi manja awiri n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa maliro kumene kunali kusanamveke chifikireni mtembo. Ine ndi Dalila tinasonkha moto. Utsi utakwera pamwamba pa nthochi, azimayi awiri a kutchalitchi anabwera mozemba, kenaka ena atatu, ndipo nyimbo inayamba. Titapita kukatunga madzi tinapeza mapoto a Tiresi ataikidwa m'mphepete mwa njira, pamalire a munda wa Dionísia. Mwini wake sanabwere, ndipo sanalankhulenso ndi a Boaventura mpaka mvula ya chaka chinacho, koma tupa sanaikhudze.

Maso anga anali kunjira, chifukwa ndinkadziwa kuti zonsezi n'zachabe ngati munthu mmodzi sabwera. A Boaventura nawonso ankadziwa. Anakhala pagulu la amuna akusema matabwa a bokosi, koma kanthawi kalikonse ankadzutsa mutu. Anali ataika pachiswe ukwati wa zaka zonsezo, ndipo akanatha kubwerera madzulo n'kupeza a Cármen atamanga katundu kupita kwa abale awo ku Benga.

Dzuwa lili pamutu a Cármen anatulukira pakati pa nthochi, atamanga duku lakuda, maso ali otupa. Sanapereke moni kwa amuna awo, sanalowe m'nyumba ya maliro. Anabwera molunjika kumoto, nandilanda mthiko m'manja.

"Ndabwerera mapoto anga," anatero. "Inu mumapsereza."

Anaphika masana onse osalankhula ndi munthu. Anthu atabwera kumanda n'kudya, tinaunjika mapoto kuti titsuke, ndipo aliyense anayamba kuitana ake. Poto wakuda uja a Cármen anamutenga okha, napita naye pambali. Anamutsuka nthawi yaitali, mkati ndi kunja, mpaka mwaye wa zaka unachoka. Atamaliza anakhala naye pamiyendo, chala chili pazilembo zija, akuzisisita chimodzichimodzi. Palibe amene analimba mtima kuwayandikira. Ine ndinaganiza kuti apita naye kwawo, ndipo akanatero sindikanawaletsa.

Anaimirira, napita pamene Dionísia anakhala ndi ana ake. Mtsikanayo anagwada, maso ali pansi.

"Unatengedwa uli ndi zaka zingati?" anafunsa a Cármen.

"Sindidziwa, amayi. Ndinali ndisanavinidwe."

"Amayi ako dzina lawo ukulikumbuka?"

"Ndikulikumbuka. A Violeta."

A Cármen anagwedeza mutu, ngati munthu amene wamva zimene amafuna kumva. Anamuikira poto uja m'manja, koma sanamusiye msanga, anagwirabe mbali yawo.

"Uzimutsuka ndi phulusa, mwana wanga, osati mchenga," anatero. "Mchenga umadya zilembo."